Ndemanga: Gondolosi wa m'botolo

M'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu, pakati pa milu ya kachewere ndi kabichi, simusowa wogulitsa timitolo ta gondolosi. Abambo amagula mosayang'ana kumbali, chifukwa chake mukuchidziwa. Koma kuti muzu uja ufike pamsika, chomera chonse chazulidwa, ndipo wokumbayo sabzala china. Ku South Africa chomerachi, chomwe akatswiri amachitcha Mondia whitei, chili kale pa mndandanda wa zomera zomwe zingathe kutheratu, ndipo mu 1998 akatswiri akumeneko adaonetsa kuti chingathe kuchulukitsidwa m'botolo.

Njira yake, ya tissue culture, si yachilendo kuno. Katswiri amadula kansonga kochepa ngati njere ya mapira, n'kukaika m'botolo lopanda tizilombo, momwe muli chakudya choundana cha shuga, michere ndi mankhwala ophukitsa. Kansongako kamatulutsa mphukira zambiri. Amazigawa, n'kuziikanso m'mabotolo ena, mpaka mbande zitachuluka, zonse zofanana ndi kholo lake. Zikamera mizu amaziika mumthunzi kuti zizolowere mphepo ndi dzuwa zisanapite kumunda. Ku Bvumbwe m'boma la Thyolo akuchita zimenezi ndi nthochi, zomwe zidasakazidwa ndi matenda a chisaka, komanso ndi mbewu ya kachewere, yomwe alimi a ku Tsangano amaidalira. Mabotolo alipo, anthu odziwa alipo. Chikuletsa n'chiyani kuti gondolosi naye alowemo?

Tisasokoneze nkhaniyi ndi ya GMO. M'botolomu chibadwa cha chomera sichisinthidwa. Kusintha chibadwa ndi ntchito ina, pomwe akatswiri amagwiritsa ntchito kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Agrobacterium kuti mizu ichuluke ndi kupanga mankhwala ambiri. Imeneyo ili ndi lamulo lake la Biosafety Act la 2002, lomwe lidatsatidwa poyesa thonje losinthidwa chibadwa la Bt ku Bunda kuyambira 2013. Kumeneko tingapite mwapang'onopang'ono.

Chofulumira n'chakuti a zankhalango ndi a zaulimi akhale pansi ndi asing'anga ozungulira nkhalango za Mvai ndi Dzonzi, omwe akudziwa mitengo yomwe kale ankaipeza kuseri kwa nyumba koma lero amaiyendera tsiku lonse. Ndipo mbande zikatuluka, zipite koyamba kwa iwo ndi kwa okumba aja, pamtengo woti angaukwanitse, asanazione a makampani.