Sitima zapamadzi za Liberty

Sitima za Liberty ndi mtundu wa sitima zapamadzi zonyamula katundu wosiyanasiyana zomwe dziko la United States linapanga pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Kuyambira mu 1941 mpaka mu 1945, mafakitale 18 anapanga sitima 2,710 za mtunduwu, ndipo palibe mtundu wina wa sitima zikuluzikulu umene unapangidwapo mochuluka chonchi potsatira pulani imodzi. Sitimazi zinkayenda pang'onopang'ono, injini zake zinali zachikale ndipo maonekedwe ake sanali okopa. Ubwino wake unali woti zinkapangidwa mwachangu komanso zambirimbiri. Masiku ano dzina la Liberty layambanso kumveka chifukwa America ikufuna kudzutsa ntchito yopanga sitima, yomwe tsopano ili m'manja mwa China, South Korea ndi Japan.

Chiyambi chake

Mu 1940 dziko la Britain linali pa mavuto aakulu. Chakudya, mafuta ndi zida zambiri zinkabwera kudzera pa nyanja, koma sitima zankhondo za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zamalonda mofulumira kuposa momwe mafakitale a ku Britain ankapangira zatsopano. Boma la Britain linatumiza nthumwi ku America kukagula sitima, ndipo amene anatsogolera nthumwizo anali Cyril Thompson wa kampani ya J. L. Thompson and Sons ya mumzinda wa Sunderland. Iye anatenga mapulani a sitima yosavuta kupanga yomwe kampani yake inali itayamba kale kupanga kwawo.

Mu Disembala 1940 anagwirizana zoti ku America kupangidwe sitima 60, zomwe zinatchedwa Ocean. Theka linapangidwa ku Richmond m'chigawo cha California, theka lina ku South Portland m'chigawo cha Maine. Kumayambiriro kwa 1941, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt analengeza kuti nayonso America ipanga sitima 200 mwachangu. Bungwe la United States Maritime Commission linasankha pulani yomweyo ya ku Britain, ndipo kampani ya Gibbs & Cox inaisintha mwina ndi mwina. Sitima za Ocean zinkayendera malasha, pamene zatsopanozi zinkayendera mafuta, ndipo zipinda zogona amalinyero anaziika pamodzi pakati pa sitima.

Sitima yoyamba, Patrick Henry, inalowetsedwa m'madzi ku Baltimore pa 27 Seputembala 1941. Patrick Henry anali mmodzi mwa omenyera ufulu wa America m'zaka za m'ma 1770, ndipo mawu akuti Liberty, omwe amatanthauza ufulu, anachokera pa zomwe Roosevelt ananena tsikulo pokumbukira munthuyu.

Kapangidwe kake

M'mabuku a boma sitimazi zinkadziwika kuti EC2-S-C1. Sitima iliyonse inali yotalika pafupifupi mamita 135, m'lifupi mamita 17, ndipo inkatha kunyamula matani oposa 10,000. Inali ndi zipinda zisanu za katundu, zitatu kutsogolo kwa injini ndi ziwiri kumbuyo. Pa milongoti yake panali zida zokwezera ndi kutsitsira katundu, choncho inkatha kugwira ntchito ngakhale pa doko lomwe makina ake anaphwanyidwa ndi mabomba. Inkanyamula chilichonse: tirigu, malasha, galimoto, akasinja, ndege zomasulidwa ndi zipolopolo. Amalinyero ankakhala pafupifupi 40, kuphatikizapo gulu la asilikali oyang'anira mfuti zotetezera sitimayo.

Injini yake inali ya nthunzi ya mtundu umene unafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Nthunzi inkadutsa m'masilinda atatu motsatizana, ndipo sitima inkayenda pafupifupi makilomita 20 pa ola. Kusankha injini yachikaleyi kunali kwadala. Mafakitale ochepa amene ankatha kupanga injini zamakono anali otanganidwa ndi sitima zankhondo, pamene injini yakaleyi inkatha kupangidwa ndi makampani ambiri, ziwalo zake zinali zofanana, ndipo makaniko wamba ankatha kuikonza ali pakati pa nyanja.

Momwe ankazipangira

Kusintha kwakukulu kunali pa kagwiridwe ka ntchito. Kale zitsulo za sitima zinkalumikizidwa ndi misomali ikuluikulu yotentha, ntchito yomwe inkafuna amisiri ophunzira zaka zambiri. Pa sitima za Liberty ankawotcherera, ndipo munthu watsopano ankatha kuphunzira mbali yake ya ntchitoyo m'milungu yochepa. Zigawo zikuluzikulu, monga kutsogolo kwa sitima kapena nyumba yonse ya amalinyero, zinkapangidwa padera kenako n'kunyamulidwa ndi makina kukaziika pamalo ake. Munthu wodziwika kwambiri pa njirayi ndi Henry J. Kaiser, yemwe poyamba ankamanga misewu ndi madamu ndipo anali asanapangepo sitima nkhondo isanayambe.

Patrick Henry inatenga masiku 244 kuti ithe. Pambuyo pake sitima imodzi inkatenga masiku pafupifupi 42, ndipo mu 1943 tsiku lililonse kunkatuluka sitima zitatu. Mu Novembala 1942, fakitale ya Kaiser ku Richmond inalumikiza sitima ya Robert E. Peary m'masiku anayi ndi maola 15. Uku kunali kudzionetsera chabe pofuna kulimbikitsa anthu, chifukwa zigawo zonse zinali zitakonzedweratu ndipo ntchito yomalizitsa inachitika sitimayo ili kale m'madzi.

Mafakitalewa analemba anthu ambiri amene kale sankaloledwa kugwira ntchitoyi, makamaka amayi ndi anthu akuda ochokera kum'mwera kwa America, ngakhale kuti tsankho silinathe m'mabungwe a ogwira ntchito. Sitima ya Booker T. Washington ya mu 1942 inali yoyamba kupatsidwa dzina la munthu wakuda, ndipo woiyendetsa anali Hugh Mulzac, yemwe anabadwira kuzilumba za Caribbean. Iye anakana kuyendetsa sitima ya anthu akuda okhaokha, choncho anapatsidwa amalinyero a mitundu yosiyanasiyana.

Vuto la kung'aluka

Liwiro la ntchitoyi linabwera ndi mavuto ake. Sitima zambiri zinayamba kuchita ming'alu, makamaka m'madzi ozizira a kumpoto, ndipo zina zinathyoka pakati mwadzidzidzi. Imodzi mwa izo ndi John P. Gaines, yomwe inaduka pawiri kufupi ndi Alaska mu Novembala 1943 ndipo anthu ena anafa. Poyamba anthu ankaloza chala owotcherera osadziwa ntchito. Katswiri wa zitsulo wa pa yunivesite ya Cambridge, Constance Tipper, anaonetsa kuti gwero lenileni linali chitsulo chomwe: kukazizira kufika pa mlingo winawake, chitsulocho chinkasiya kupindika n'kumangothyoka ngati galasi.

Ming'alu yambiri inkayambira pa ngodya za makomo olowetsera katundu, omwe anali a makona akuthwa. Pa sitima yakale ya misomali, mng'alu unkaima ukafika pomwe chitsulo china chathera. Pa sitima yowotcherera, thupi lonse linali ngati chitsulo chimodzi, choncho mng'alu unkangopitirira. Pokonza vutoli anazunguliza ndi kulimbitsa makonawo, n'kuikanso timizere ta zitsulo zokhomedwa ndi misomali toti tiziimitsa mng'alu. Zomwe akatswiri anaphunzira apa zinasintha malamulo a mtundu wa chitsulo chogwiritsidwa ntchito pa sitima, milatho ndi mathanki akuluakulu.

Nkhondo itatha

Sitima za Liberty zinapangidwa ndi malingaliro oti zigwire ntchito zaka zisanu zokha. Pafupifupi 200 zinamizidwa ndi adani, koma zoposa 2,400 zinapulumuka. Mu 1946 America inakhazikitsa lamulo lolola kugulitsa sitima zotsalazi pa mtengo wotsika. Eni sitima a ku Greece, omwe anataya zombo zawo zambiri pa nkhondo, analandira sitima 100 boma lawo litalonjeza kuti liwaimira pa ngongole, ndipo anagulanso zina zambiri pambuyo pake. Apa ndi pomwe panayambira kukula kwa malonda a sitima a dziko la Greece, lomwe mpaka lero ndi limodzi mwa mayiko okhala ndi sitima zambiri zamalonda. Italy, Norway ndi France nawonso anagula, ndipo sitima zambiri zinagwira ntchito zaka zoposa 20.

Zitayamba kukalamba m'zaka za m'ma 1960, makampani anapikisana kupanga sitima yolowa m'malo mwake. Ku Sunderland komwe kuja, kampani ya Austin & Pickersgill inatulutsa SD14, sitima ya injini ya dizilo yonyamula matani pafupifupi 14,000. Zokwana 211 zinapangidwa kuyambira mu 1968 mpaka mu 1988 ku Britain, Brazil, Greece ndi Argentina. Ku Japan kampani ya IHI inapanga mtundu wotchedwa Freedom. Komabe nyengo ya sitima zotere inali ikutha. Mu 1956 Malcom McLean anatumiza makontena 58 pa sitima ya Ideal X kuchoka ku Newark kupita ku Houston, ndipo patapita zaka zochepa katundu yemwe ankatsitsidwa thumba limodzilimodzi kwa masiku ambiri anayamba kutsitsidwa m'maola ochepa.

Zomwe zikadalipo lero

Sitima ziwiri zikuyendabe ngati malo osungirako mbiri: John W. Brown ku Baltimore ndi Jeremiah O'Brien ku San Francisco. Ina, yomwe tsopano ikutchedwa Hellas Liberty, ili pa doko la Piraeus ku Greece.

Palinso ina yomwe ikusowetsa mtendere. Mu Ogasiti 1944, Richard Montgomery inatitimira mu mchenga kufupi ndi tawuni ya Sheerness, pomwe mtsinje wa Thames umathira m'nyanja, kenako inathyoka n'kumira. M'kati mwake mukadali matani pafupifupi 1,400 a zophulika. Milongoti yake imaonekera pamwamba pa madzi, sitima zina siziloledwa kuyandikira, ndipo boma la Britain limaiunika kawirikawiri. Boma linalengeza kuti lidzadula milongotiyo poopa kuti ingagwere pa mabomba, koma ntchitoyi yakhala ikuimikidwa kangapo. Mantha a anthu a m'derali ali ndi maziko. Pa 16 Epulo 1947 sitima ina ya Liberty, Grandcamp, yomwe inanyamula feteleza wa ammonium nitrate, inaphulika ku Texas City n'kupha anthu oposa 500. Pa 17 Julayi 1944 sitima ya E. A. Bryan inaphulika ku Port Chicago pomwe ankapakira zipolopolo, ndipo anthu 320 anafa, ambiri mwa iwo asilikali akuda. Anzawo amene anakana kubwerera kuntchito yoopsayo anapatsidwa chilango, ndipo gulu lankhondo lapamadzi la America linawayeretsa mu Julayi 2024, patatha zaka 80.

Mkangano wa masiku ano

Lero China imapanga zoposa theka la sitima zamalonda zatsopano padziko lonse, pamene gawo la America silifika ngakhale 1 peresenti. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lofuna kudzutsa ntchitoyi, ndipo aphungu a zipani zonse ziwiri anabweretsa bilu ya SHIPS for America Act. Mu Okutobala chaka chomwecho America inayamba kulipiritsa sitima za China zofika pa madoko ake, China nayo inabwezera, ndipo mu Novembala mayiko awiriwa anaimitsa ndalamazo kwa chaka chimodzi. Pa zokambirana zonsezi, andale ndi olemba nkhani amakonda kutchula sitima za Liberty ngati umboni woti America inachitapo kale zimenezi ndipo ingathe kuchitanso.

Mbiri ya sitimazi ikuonetsa kuti nkhaniyi si yophweka choncho. Pa nthawi ya nkhondo wogula anali mmodzi, boma, lomwe linalipira kumanga mafakitale, linagawa zitsulo ndipo linaitanitsa sitima zofanana masauzande. Boma litasiya kugula, mafakitale ambiri anatsekedwa, kuphatikizapo a Kaiser ku Richmond. Luso lopanga sitima m'zigawo silinafe, koma linasamuka. Mu 1951 kampani ya Daniel Ludwig inabwereka fakitale ya ku Kure ku Japan, ndipo Elmer Hann, yemwe anagwirapo ntchito kwa Kaiser, anakaphunzitsa njirazi kumeneko. Kuchokera ku Japan zinafalikira ku South Korea, kenako ku China. Ku America komweko, boma la Ronald Reagan linathetsa thandizo la ndalama zopangira sitima zamalonda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ntchitoyi inalowa pansi kwambiri.

Sitima zamakono nazo n'zosiyana. Yonyamula makontena yaikulu imatalika mamita 400, kutanthauza sitima za Liberty zitatu zitandandalikidwa, ndipo imafuna injini, makompyuta ndi amisiri omwe sangaphunzitsidwe m'milungu yochepa. N'chifukwa chake America ikudalira mayiko anzake: mu Disembala 2024 kampani ya Hanwha ya ku South Korea inagula fakitale ya sitima ya ku Philadelphia. Mu 1940 pulani inachoka ku Britain kupita ku America, ndipo tsopano luso likuchokera ku Asia. Funso lomwe aphungu a ku Washington akulimbana nalo ndi loti ndani adzagule sitima zopangidwa ku America kwa zaka zambiri motsatizana, pamene mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa wa ku Asia.