Chimanga cha pa Sheleni

Dziko likalandira ufulu, pamakhala ntchito ina yomwe ambiri saiganizira: kusankha zithunzi za pa ndalama zachitsulo. Malo ojambulapo ndi ochepa ngati chikhadabo, koma kandalamako kamafika m'manja mwa aliyense, ngakhale wosadziwa kuwerenga.

Kuno ku Malawi ntchitoyi idachitika mu 1964. Kufikira nthawiyo anthu ankagwiritsa ntchito ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Pa ndalama zatsopano, zomwe adajambula mmisiri Paul Vincze, padaikidwa nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Kuseri kwake, pa sikisi padali tambala, pa sheleni mtolo wa chimanga, ndipo pa ya masheleni awiri njovu ndi mwana wake. Zonsezi zidali zinthu zoti munthu wa kumudzi amazidziwa.

Phindu la zithunzizi lidaoneka mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Sheleni imodzi idafanana ndi 10 tambala, choncho chimanga chidakhalabe pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala. Mayi wogulitsa nyemba pamsika ankangoona chithunzi n'kudziwa mtengo wake, ndipo wofuna kumupusitsa ankavutika.

Ngati m'sutikesi ya agogo mudakali sheleni yotere, musataye. Aonetseni ana, aone okha kuti dziko lawo lidalemekeza chakudya cha m'munda. Koma makanda musawapatse, chifukwa ndalama yachitsulo ikalowa m'kamwa imatsamwitsa.