Mafuta a chombo cha kumwezi ndi thumba la feteleza

Mwezi watha ndinacheza ndi kalabu ina ya alimi kunja kwa mzinda wa Mutare. M'chipinda chawo chosungiramo katundu, matumba a feteleza wobereketsa wa AN anali atatsamira chigubu cha dizilo wa injini yothirira. Nditafunsa, mlembi wa kalabuyo anati, "Alangizi, chipinda chokhala ndi loko n'chokhachi." Ndinakhala pa benchi n'kuyamba kuwafotokozera za zombo zotera pa mwezi, ena akuseka.

Moto umafuna zinthu ziwiri: choyaka ndi mpweya wa okosijeni. Kumwezi kulibe mpweya, choncho chombo chimasenza zonse ziwiri. Chovuta ndi kasungidwe. Okosijeni amasanduka wamadzi akazizira kufika pa madigiri 183 pansi pa ziro, ndipo akangofunda pang'ono amawira n'kuuluka. N'chifukwa chake chombo cha Apollo 11, chomwe chinatsitsa Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin pa mwezi mu Julaye 1969, chinanyamula mankhwala osafuna kuziziritsa koteroko. M'matanki ena munali Aerozine 50, yemwe ndi hydrazine wosakaniza theka ndi theka ndi m'bale wake UDMH. M'matanki ena munali nitrogen tetroxide, wopereka okosijeni.

Awiriwa akangokhudzana amayaka okha, popanda machesi kapena pulagi. Apa ndi pomwe panali nzeru. Injini yonyamukira pa mwezi inali imodzi yokha, ndipo kumeneko kulibe makaniko. Chofunika chinali kungotsegula njira kuti mankhwalawo akumane. Chombo cha dziko la India, Chandrayaan-3, chinateranso pa 23 Ogasiti 2023 ndi mankhwala a mtundu womwewu. Koma ndi poizoni woopsa. Mu 1975, anthu atatu a m'chombo cha Apollo anapuma utsi wa nitrogen tetroxide pobwerera, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Honolulu kwa masabata awiri.

Ubale wake ndi munda ndi uwu: hydrazine, nitrogen tetroxide ndi AN onse amapangidwa kuchokera ku amoniya. AN payekha sayaka wamba, koma moto ukabuka pafupi, iye amaudyetsa okosijeni monga momwe amachitira nitrogen tetroxide uja. Pa 4 Ogasiti 2020, matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, omwe anakhala zaka m'nyumba yosungiramo katundu pa doko la Beirut, anaphulika n'kupha anthu oposa 200. Matumba makumi awiri a kalabu sangafike pamenepo, ndivomereze, koma denga laudzu ndi mbewu ya chaka chonse akhoza kuzitha.

Feteleza akhale pa mathabwa, pouma, kutali ndi dizilo, palafini, utuchi ndi udzu wouma, ndipo wosuta fodya asalowemo. Tsiku lomwelo anyamata awiri anatulutsa chigubu chija. Pomwe ndinkatsazika, komiti inali idakakangana za yemwe agule loko wa chipinda chachiwiri.