Mtima ukafooka, si kuti chikhulupiriro chatha

Ife a ku Khuyu pachilumba cha Likoma timadziwa kuti mwera ukawomba, msodzi amakokera bwato kumtunda ndi kudikira, ndipo palibe womutcha mlesi. Komatu m'makomo mwathu muli ena amene mwera wawo ukuwomba mumtima: bambo amene ukonde wake wang'ambika koma alibe mphamvu yousoka, mayi amene wasiya kwaya yomwe ankaikonda, mnyamata amene dzuwa limafika paliwombo akadali pamphasa. Anthu otere amatchedwa alesi, ochepa chikhulupiriro kapena olodzedwa. Mayina amenewa amangowonjezera mchere pabala.

Tiwerenge 1 Mafumu 19. Eliya, atangopambana paphiri la Karimeli, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamulola kugona, namutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi kawiri konse. Pambuyo pake anamuuza kuti alipo anthu 7,000 okhulupirika, namupatsa Elisa kuti aziyenda naye. Taonani dongosolo lake: tulo, chakudya, mawu achilimbikitso, kenaka mnzake wapaulendo.

A chipatala amatiphunzitsa kuti munthu akakhala wachisoni pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, osakondwanso ndi zomwe ankakonda, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, akudziona ngati wachabechabe, imeneyo ndi nthenda, ndipo imachizika. Wodwala malungo timamupempherera uku tikuthamangira naye kuchipatala cha St Peter's. Nanga wodwala maganizo timusiyirenji m'nyumba? Pamene pakufunika akatswiri, ku Mzuzu kuli a St John of God, amene ntchito yawo ndi yosamalira matenda a maganizo.

Tikumbukirenso kuti tchalitchi chathu chachikulu cha St Peter's chinamangidwa pa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Pamalo a mantha panaima nyumba ya chifundo. Choncho sikoyenera kuti ife, ana a nyumba imeneyi, tikaona m'bale wazilala tiyambe kuloza zala agogo a m'mudzi. Ndipo ntchito yomanga ija, yomwe inayamba mu 1903, inatenga zaka, kufikira tchalitchicho chinapatulidwa mu 1911. Mtima wosweka nawo umamangidwa mwala umodzi pa nthawi.

Inu amene mwalemedwa, musadikire kuti chilakolako chibwere kaye. Kawirikawiri chimatsatira ntchito. Dzukani pa nthawi imodzimodzi, sambani, idyani ngakhale pang'ono, yendani mpaka kugombe, uzani munthu mmodzi wodalirika zomwe zili mumtima. Kachasu sachotsa chisoni, amachikulitsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati maganizo odzipha akufikani, nenani lero lomwe kwa wachibale, wansembe kapena dokotala.

Ifenso a mpingo tili ndi gawo. Ku Harare, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera ovutika maganizo, ndipo ambiri anapepukidwa. Amayi a mpingo ndi akuluakulu a m'miphakati angathe kuchita chimodzimodzi. Sabata ino, tione mpando umene wakhala wopanda munthu m'tchalitchi, ndipo tikagogode pakhomo la mwini wake, tili ndi nsima m'manja ndi makutu otseguka.

Ambuye atonthoze onse olema ndi othodwa. Amen.