Windows 10 yatha ntchito, nanga makompyuta a m'maofesi awakonza bwanji?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Palibe kompyuta imene inazima tsiku limenelo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi mabwana ambiri inawadutsa pambali. Chimene chinatha ndi zigamba zaulere zimene kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi kuti zitseke mipata yolowera akuba a pa intaneti. Kompyuta ya mlembi wa zamalipiro ikugwirabe ntchito monga kale, koma mpata uliwonse watsopano umene ungapezeke ukhala wosatseka.

Makampani akhoza kugula nthawi. Microsoft ikugulitsa zigambazo pa mtengo wa madola 61 pa kompyuta imodzi m'chaka choyamba, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Kampani ya makompyuta 300 iyenera kupeza madola 18,300 m'chaka choyamba chokha. M'dziko muno, momwe ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimenezi si zapafupi. Njira yotsala ndi kusamukira ku Windows 11, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: kodi adzaiika ndani, ndipo adzaiika motani?

M'maofesi ambiri ntchitoyi imagwiridwabe ndi mnyamata wa za makompyuta amene amayenda ndi fulashi m'thumba, desiki ndi desiki. Tiyerekeze kuti kompyuta imodzi imamutengera maola awiri kuti aikemo Windows, mapulogalamu a muofesi ndi a makina osindikizira. Makompyuta 300 ndiye kuti maola 600, kapena masiku 75 a ntchito. Pomaliza pake makompyutawo sakhala ofanana, chifukwa munthu amatopa ndipo amaiwala. Ina ili ndi pulogalamu yoteteza ku mavairasi, ina ilibe.

Njira ina inakhalapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya Intel inakhazikitsa dongosolo lotchedwa PXE. Aliyense amene anaonapo anthu akuumba njerwa akhoza kuimvetsa. Katswiri amakonza kompyuta imodzi mosamala, n'kuikamo zonse zimene kampani imafuna, kenaka n'kuisandutsa chikombole chimene amachisunga pa seva. Kompyuta ina iliyonse ikayatsidwa ili yolumikizidwa ndi waya wa netiweki ya kampani, imayamba yapempha adiresi kwa seva ya DHCP. Pamodzi ndi adiresiyo imauzidwanso kumene ingapeze kafayilo koyambira. Imatenga kafayiloko, n'kudzuka nako m'malo modzuka ndi zimene zili pa disiki yake, ndipo kuchokera apo imakoka chikombole chonse. Mafunso amene munthu akanayankha pamanja, monga chilankhulo, nthawi ya dziko ndi dzina la kompyuta, amakhala atayankhidwa kale m'fayilo ina. Makompyuta makumi awiri akhoza kuumbidwa nthawi imodzi katswiriyo ali pampando wake.

Phindu lenileni la njira imeneyi limaoneka pa tsiku la tsoka. Mu Juni 2017 vairasi ya NotPetya inagwetsa makompyuta a kampani ya zombo ya Maersk ya ku Denmark. Wapampando wake pa nthawiyo, Jim Hagemann Snabe, anauza msonkhano wa ku Davos mu Januwale 2018 kuti anaikanso mapulogalamu pa maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku khumi, ndipo kampaniyo inataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni. Magazini ya Wired inalemba kuti seva imodzi yosunga maina ndi zilolezo za ogwira ntchito inapulumukira ku Ghana, chifukwa magetsi anali atazima pamene vairasiyo inkafalikira. Ife a kuno tikhoza kumwetulira pomva kuti kuzima kwa magetsi kunapulumutsapo kampani, koma palibe angaike chuma chake pa mwayi wotere. Pa 19 Julaye 2024 zigamba zolakwika za kampani ya CrowdStrike zinaimitsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, ndipo poyamba iliyonse inkafunika munthu woigwira ndi manja. Mwa zida zimene Microsoft inatulutsa pothandiza makampani, china chinali chodzera pa PXE yomweyi.

Chodandaulitsa n'chakuti Microsoft ikufulatira njira yakaleyi pa nthawi imene maofesi ngati athu akuifuna kwambiri. Chida chake chaulere cha MDT, chimene akatswiri ambiri anaphunzirirapo ntchito, kampaniyo siichivomereza pa Windows 11, ndipo mbali ina ya WDS, pulogalamu ya pa seva yotumizira zikombole, inatsekedwanso. Kumene ikukankhira makasitomala ndi ku Autopilot ndi Intune, kumene kompyuta yatsopano imadzikonza yokha pokoka zonse pa intaneti. Kwa kampani ya ku London imene antchito ake amagwirira ntchito kunyumba, zimenezi n'zabwino. Koma zimafuna kulipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja pa wantchito aliyense, ndiponso intaneti yamphamvu yosadukaduka. Fayilo yoikira Windows 11 imapitirira magigabayiti asanu. Seva ya m'nyumba momwemo imaikoka kamodzi kokha, n'kuigawira makompyuta onse kudzera pa waya umene kampani inalipira kale. Kwa banki ya nthambi m'maboma, kapena sukulu ya ukachenjede ya zipinda zodzaza makompyuta, ndikuona kuti seva ya m'nyumba idakali yoyenera. Zida zaulere monga FOG Project ndi Clonezilla zimagwira ntchito yomweyi popanda chiphaso chogula.

Ena adzanena kuti njira imeneyi ndi yoopsa, ndipo sakunama. Chikombole chikapindika, njerwa zonse zimatuluka zopindika. Mu Meyi 2014 pa yunivesite ya Emory ku America, chikombole cha Windows 7 chinatumizidwa molakwika ku makompyuta onse a Windows a pasukulupo, kuphatikizapo maseva, ndipo anayamba kufufuta zimene zinali pa madisiki awo. Palinso vuto la chitetezo. PXE inapangidwa pa nthawi imene anthu ankakhulupirira aliyense wolumikizidwa pa waya wa kampani, choncho munthu woipa akaika seva yakeyake pa netiweki akhoza kudyetsa makompyuta chikombole chake. Mayankho ake ndi odziwika: kupatula mbali ya netiweki yoikirapo mapulogalamu, kuyatsa Secure Boot, kuyesa chikombole pa makompyuta ochepa kaye, ndi kusasunga mawu achinsinsi a woyang'anira wamkulu m'fayilo ya mayankho ija. Zonsezi zimafuna katswiri amene wapatsidwa nthawi yokhala pansi n'kukonza dongosolo, osati wongothamangitsidwa kukakonza makina osindikizira a bwana.

Seva sitha kuthetsa chilichonse. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imavomereza a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, amene anayamba kutuluka mu 2017. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene timagula kuchokera kunja ndi akale kuposa pamenepo. Motero ntchito yoyamba ndi kuwerenga: ndi angati angalandire Windows 11, ndi angati ayenera kugulidwira zigamba kwa chaka chimodzi, ndipo ndi angati angapitirize ndi Linux, imene imaikidwanso kudzera pa PXE.

Ntchito yachiwiri ndi imene imabweretsa misozi. Kuumba kompyuta mwatsopano kumafufuta zonse za pa disiki. M'maofesi momwe mulibe malo amodzi osungira mafayilo, makalata a zaka khumi, ndandanda ya malipiro ndi mapangano a makasitomala zimakhala pa kompyuta ya munthu mmodzi, nthawi zina m'foda imene mwini wake yekha ndiye amaidziwa. Mafayilo amenewa ayenera kusamutsidwa ndi kutsimikizidwa kuti akutsekuka, kompyuta yoyamba isanauzidwe kudzuka kudzera pa netiweki.