Mphunzitsi wopanda pulani ndi mlimi wopanda nazale

Mukafika kwathu ku Kasungu mu Okutobala mudzapeza anthu ali kalikiliki m'madambo, makheni m'manja, kuthirira nazale za fodya. Mvula sinagwe, koma mlimi akudziwa kale munda womwe adzawokeremo mbandezo ndi chigafa chomwe adzapachikemo masamba. Amene amayamba kufunsa mbewu mu Disembala asayembekezere kudzaona belo lake ku Chinkhoma. Nanga bwanji timalola mphunzitsi kulowa m'kalasi asakudziwa chomwe akukadzala m'mitu ya ana athu?

Ine ndine mwana wa pulayimale yaulere. Boma la a Bakili Muluzi litathetsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ana asukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Walira mvula walira matope: boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 18,000 osadutsa kukoleji, n'kuwapatsa choko atangophunzira masabata owerengeka. Ambiri adadzaona koleji, monga ya Kasungu, pansi pa ndondomeko ya MIITEP yomwe idayamba mu 1997. Amenewa ndiwo adatiphunzitsa ife.

Ndimakumbukira awiri. Wina ankalowa ndi ndodo yokha, n'kufunsa kuti, "Dzulo tinalekezera pati?" Tikasiyana mayankho, basi, nyimbo mpaka belu. Winayo, mayi, anali ndi kope lomwe ankalembamo madzulo pa koloboyi. Tsiku lophunzira kugawa chinthu adabwera ndi nzimbe, n'kuidula pawiri, kenaka panayi, aliyense wa ife n'kugwira gawo lake. Malipiro awo anali amodzi, mtengo wophunzitsirapo unali umodzi. Chowasiyanitsa chinali kope lija.

Sindikuloza ena chala ndekha ndili woyera. Fizi itandibweza kuyunivesite ndidaphunzitsako pasukulu ina yoyima payokha. Ndinkati, zinthu za Sitandade 6 ndingakonzekere ine? Zoyankhula zidandithera patangodutsa mphindi khumi, ana ali maso tuzu, ine thukuta kamukamu.

Inu a pamsika nkhaniyi mukuidziwa. Sikimu ya teremu ili ngati oda ya mwezi, pomwe pulani ya tsiku ndi kuyala katundu pabenchi m'mawa. Mphunzitsi amalembamo chomwe mwana ayenera kukhoza phunziro likamatha, zipangizo zomwe agwiritse ntchito, ntchito yomwe ana achite ndi mafunso oyesera ngati amva. Akamaliza amalembanso pomwe zavuta kuti mawa ayambire pomwepo.

Ku Kasungu kalembera womalizayu ndiye wofunika zedi. Mu Febuluwale ndi Malichi ana ambiri, makamaka a matenanti, amajomba kukathandiza kuthyola ndi kusoka fodya. Ndi khalidwe loyenera kutha, koma pomwe lilipo, mwana wobwera patatha masabata awiri angathandizidwe ndi mphunzitsi yekhayo amene akudziwa zomwe zidamudutsa. Mwana wa bwana ali ndi patitaimu. Mwana wa tenanti ali ndi mphindi 35 zokhazo, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa kuti unali kuchigafa kapena ayi.

Aphunzitsi ayankha kuti kalasi ndi ya ana zana, maphunziro pa tsiku ndi ambiri, makope olembamo amagula okha, ndipo malipiro sakwana. Zoona zimenezo, ndipo boma lisadzibise. Ena ati chiyambire ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga mu 2016, buku la mphunzitsi limafotokoza kale zonse. Komatu buku lokonzedwa ku Domasi silidziwa kuti lero theka la kalasi lili kumunda, kapena kuti mvula yasonkhanitsa makalasi awiri m'chipinda chimodzi. Kalasi ikakula ndi pomwe kukonzekera kumafunika koposa.

Tsono ahedi asamangosayina mapulani ngati risiti, aziwawerenga ndi kulowa m'kalasi kukaona ngati zolembedwazo zikuchitikadi. Alangizi a m'mazoni azithandiza, osangobwera kudzaopseza. Makomiti a sukulu aziika makope a aphunzitsi patsogolo pogula zinthu. Ndipo inu makolo, mwana akaweruka mufunseni chomwe waphunzira lero. Akamayankha kuti "tinangoimba" sabata yonse, pitani mukacheze ndi ahedi. Mmera mpoyamba.