Kutamanda khama si kulipira wantchito

M'bandakucha uliwonse makombi ochokera ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa amadzaza ndi anthu opita kukasesa, kukaphika ndi kukathirira maluwa m'nyumba za ku Highlands, Greendale ndi Marlborough. Ulendo umenewu ndi wakale. Makomboni a mu Harare amenewa anakula m'nthawi ya atsamunda monga malo ogona antchito a azungu, ndipo ambiri mwa okhalamo anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. N'chifukwa chake gule wamkulu amatulukabe ku Mabvuku, ndipo Chinyanja chimamvekabe pa maliro.

Matchona amenewo anasiya mbiri imene zidzukulu zawo zimanyadira: munthu wa ku Malawi saopa ntchito, satola cha mwini, sabweza mawu kwa bwana. Ankakhulupirira mwambi woti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mbiriyi ndi yabwino, koma ndi bwino kufunsa kuti inapindulira yani. Khama likamatamandidwa pamene malipiro sakutchulidwa, kutamandako kumakhala njira yochepetsera mtengo wa thukuta la munthu.

Chinenero chenichenicho chimasunga umboni wa zimenezi. Kuthangata kunali kuthandizana kwa anansi pa ntchito ya kumunda. Eni minda achizungu a m'mapiri a Shire anatenga mawuwo nawasandutsa dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo thangata anali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Bungwe limene linkalemba anthu ku Nyasaland n'kuwatumiza m'mafamu a ku Southern Rhodesia kuyambira m'zaka za m'ma 1940 linkadziwika kuti Mthandizi. Ngakhale mawu aulemu oti achimwene, atawoloka Zambezi, anakhala dzina losekera mlendo. Kawiri konse mawu a chithandizo anaphimba malonda okondera mbali imodzi, ndipo kachitatu mawu a ubale anasanduka chitonzo.

Kufatsa kotchukako sikunali kwachibadwa kokha. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901 linkati wantchito wothawa ntchito kapena wosamvera bwana wapalamula mlandu woti n'kumangidwa nawo. Mlendo wopanda munda wobwererako pafupi analibe podzitetezera, choncho ankangoti chete. Komabe si onse anakhala chete. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anagwirapo ntchito ku mgodi wa Shamva, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Robert Sambo, nayenso wa ku Nyasaland, anadzala bungwelo ku Bulawayo mu 1927, boma nkumuthamangitsa m'dzikomo. Mu Epulo 1948 sitiraka yaikulu imene inayambira ku Bulawayo inafika ku Salisbury, ndipo antchito a m'nyumba nawonso anasiya mapoto ndi matsache. Cholowa cha matchona ndi khama pamodzi ndi kufuna ulemu. Wokumbukira khama lokha wakumbukira theka.

Ufulu wa 1980 unachotsa malamulo akalewo, koma sunatsimikize kuti kukhulupirika kudzakhala ndi mphotho. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa ana ambiri a matchona, obadwira ku Mbare ndi ku Mufakose, kuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Kukwera mitengo kwa mu 2008 kunasungunula penshoni za anthu amene anagwira ntchito moyo wawo wonse. Mu Julaye 2015 khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa Zuva Petroleum, linagamula kuti wolemba ntchito angachotse munthu pongomupatsa notisi, ndipo anthu masauzande anachotsedwa m'masabata ochepa nyumba ya malamulo isanasinthe lamulolo. Wachinyamata amene anaona bambo ake akutuluka pageti ndi kalata yokha sangakhulupirire msanga ulaliki wa kulimbikira ntchito.

Lero nkhaniyi yatembenuka. Ntchito zambiri za m'makomboni zili m'manja mwa anthu wamba: akalipentala a ku Glen View Area 8, owotcherera zitsulo a ku Siyaso, ogulitsa ndiwo pa Mbare Musika, mabanja olemba mtsikana wolera ana. Ena mwa mabwana atsopanowa ndi zidzukulu za makuku ndi magadeniboyi aja. Mawu ophimba nawonso asintha. Mtsikana wochokera kumudzi amauzidwa kuti ndi mwana wa pakhomo, ndipo mwana salipidwa. Mnyamata wopala matabwa amauzidwa kuti akuphunzitsidwa luso, ngakhale papita zaka zitatu akupanga mipando yogulitsa. Ameneyu ndi thangata wovala zovala zatsopano.

Olemba ntchito ali ndi madandaulo awo, ndipo ndi omveka. Wantchito wina amaba misomali ndi guluu, wina amasowa tsiku limene oda yafika, wina amangochoka osatsanzika. Mwini shedi naye sadziwa ngati mawa kudzabwera wogula, kapena ngati moto, umene wapsereza Area 8 kangapo, sudzabweranso. Wantchito wolandira ndalama ya tsiku lathunthu n'kugwira theka akuba monga momwe amabera bwana wochedwetsa malipiro. Koma mphamvu za awiriwa sizifanana. Bwana akataya wantchito amataya masiku ochepa, pomwe wantchito akataya ntchito amataya lendi ndi fizi ya ana. Wamphamvuyo ndiye ayenera kuyamba kupereka ulemu.

Ulemuwo uli ndi zizindikiro zooneka. Malipiro agwirizanidwe ntchito isanayambe, alembedwe ngakhale m'kope la sukulu, aperekedwe pa tsiku lake. Tsiku lopuma likhale lopumadi. Ngati ndalama yavuta mwezi uno, wantchito auzidwe zoona m'malo momuzemba. Gawo 65 la malamulo a 2013 limapatsa aliyense ufulu wa malipiro oyenera, ndipo silipatula wogwira ntchito kukhitchini. Kukhutira ndi ntchito kumamera pamenepo: kalipentala amanyadira sofa imene wapanga ngati akudziwa kuti madzulo apita kwawo ndi gawo lake.

Chinyanja ndi Chishona zonse zimasiyanitsa iwe ndi inu, kapena imi. Akuluakulu a imvi ankaitanidwa kuti boyi m'makhitchini a ku Salisbury, ndipo zidzukulu zawo zimadziwa kuwawa kwake. Mdzukulu amene lero walemba munthu ntchito amuitane ndi dzina lake, anene kuti inu, ndipo pakutha pa mwezi amulipire zonse zimene anagwirizana.